Phunziro: Mmene Mtsinje wa Shire Unaberekera Mangochi

Mwana wanga, iwe wakulira kuno ku Mvera, kumene midzi imatsamira mapiri ndipo mitsinje yambiri timaoloka podumpha miyala nthawi ya chilimwe. Lero ndikufuna udziwe tauni ya mtundu wina, tauni yobadwa chifukwa cha madzi. Tenga mapu ako, upeze pamene nyanja ya Malawi yathera kummwera. Pamenepo madzi amatuluka n'kukhala mtsinje wa Shire, umene umayenda pang'ono n'kulowa m'nyanja yaing'ono ya Malombe. Pakati pa nyanja ziwirizi pali Mangochi.

Tiyambe ndi doko. Doko ndi malo a m'mphepete mwa madzi pamene anthu amaolokera, kapena pamene mabwato ndi sitima zimakocheza. Ugwire mfundo iyi: mwini doko ndiye mwini njira. Aliyense wofuna kuoloka amadzera kwa iye, ndipo sadutsa chimanjamanja.

M'zaka za m'ma 1800 mwini doko la pamenepa anali Mponda, mfumu ya Chiyao. Amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankaolokera pamudzi pake popita ku nyanja ya mchere, ndipo pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Chuma cha Mponda chinali doko. Chisilamu nachonso chinalowa ndi njira yomweyo, n'chifukwa chake mpaka lero mizikiti ndi yambiri m'dera limenelo. Tisabise, m'njira imeneyi munadutsa anthu athu ambiri ali m'magoli, ndipo sanabwererenso.

Tsopano mawu achiwiri: linga. Linga ndi malo otchingidwa bwino, okhalamo asilikali. Mu 1891 Harry Johnston, amene ankayendetsa boma la Angerezi m'dziko muno, anamangitsa linga kutsidya kwa mtsinje moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, ndipo linatchedwa Fort Johnston. Cholinga chinali kutseka njira ya akapolo, komanso kulanda mphamvu za mafumu a m'mbali mwa nyanja. Nkhondo yake sinali yamasewera. Captain Cecil Maguire, amene ankatsogolera asilikali a Chisikh ochokera ku India, anaphedwa chaka chomwecho polimbana ndi anthu a mfumu Makanjira. Mu 1897 tauni ya Fort Johnston inasamukira kuzambwe kwa mtsinje, pamene pali Mangochi lero. Waona? Mwini anasintha, koma chimene ankalimbirana ndi chomwecho: doko.

Usaganize kuti zimenezi n'za kwathu kokha. Ku Germany, mizinda ya Köln ndi Koblenz pa mtsinje wa Rhine inayamba ngati malo a Aroma olondera mtsinje, misika ndi matchalitchi n'kumabwera pambuyo.

Apa pakubwera povuta pang'ono, ndiye tchera khutu. Shire ali ndi mathithi chapakati pake, ndiko kuti malo amene madzi amagwa pamiyala mwamphamvu moti sitima singadutse. Motero sitima zinkabwera zili zidutswazidutswa, anthu n'kusenza pamutu kulambalala mathithiwo, kenako n'kuzilumikiza kumtunda. Ndi mmene sitima ya Ilala yoyamba inafikira panyanja mu 1875, itanyamula mmishonale Robert Laws ndi anzake. Fort Johnston inasanduka khomo la nyanja yonse. Ngakhale ife a kumapiri khomo limeneli linkatikhudza: mishoni ya Mvera, imene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayambitsa mu 1889 m'dziko la mfumu Chiwere, inkadalira sitima za panyanja zokocheza ku Domira Bay.

Ajeremani nawo anali ndi sitima yawo panyanjayi, Hermann von Wissmann, popeza gombe la kumpoto chakuvuma, kumene lero ndi Tanzania, linali m'manja mwawo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, mu Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inapita ku Sphinxhaven, kumene tsopano ndi Liuli, n'kukaombera sitima ya Ajeremaniyo ili pamtunda pokonzedwa. Zimanenedwa kuti woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo, Berndt, anali bwenzi la Rhoades, woyendetsa Guendolen, ndipo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pomweponso pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Kwa ine chimenechi ndicho choyenera kuimapo nthawi yaitali, pakuti ambiri mwa iwo anali anthu wamba, a paulendo chabe.

Nanga bwanji Mangochi sinakule ngati Blantyre? Yankho lilinso m'madzi. Kuyambira cha m'ma 1915 nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka pakamwa pa Shire, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 mtsinje sunkatulutsa madzi a m'nyanja monga kale. Pamene madzi ankabwerera, njanji inali itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, ndipo katundu anapeza njira ina. Doko likasiya kukhala njira yokhayo, tauni yake imayenera kupeza china chodyera.

Mangochi inapeza nsomba, makamaka chambo, ndi alendo odzaona nyanja. Dzina la Fort Johnston linachoka dziko litalandira ufulu, tauniyo n'kutchedwa Mangochi. Pamene kale pankaolokera mabwato pali mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo msewu wake umakwera mapiri kupita ku Namwera ndi kumalire a Mozambique ku Chiponde.

Ntchito yako ya mawa nayi. Jambula Shire kuchokera ku Mangochi mpaka ku Nsanje, uikepo Liwonde, Chikwawa ndi Chiromo, ndipo pa tauni iliyonse ufunse akuluakulu kapena ufufuze m'mabuku kuti ndani ankaoloka pamenepo, ndipo ankanyamula chiyani.