Malangizo kwa Opalasa Kayaki M'bandakucha

Lero tikulankhula ndi inu amene mumakonda kupalasa kayaki m'bandakucha ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, komwe dzuwa limatulukira kutsidya kwa nyanja.

Nyamukani kusanache, madzi akadali bata. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba mwamphamvu, ndipo mafunde ake amagubuduza ngakhale mabwato a akatswiri. Choncho yambani mwafunsa asodzi amene akuchokera kokapha usipa, poti mphepo amaidziwa ndi iwowo. Akakuletsani, musakakamire ayi.

Valani jekete yoyandamitsa, ndipo musapite nokha. Talikirani mabango ndi pomwe mitsinje imathira m'nyanja, chifukwa mvuu ndi ng'ona zimakonda pamenepo. Mukapeza makoka, alambalaleni.

Chonde, uzani wina kumtunda nthawi imene mubwerere.