KHUTU LA MKANGO NDI MCHIRA WA MKANGO: PHUNZIRO LA KUDZILETSA

Mvula ikamatha, chimanga chikayamba kuuma m'minda, m'mbali mwa misewu ndi m'matsala mumaoneka chomera chachitali choongoka ngati bango. Pa tsinde lake pamakhala timipira taminga totsatana, kena pamwamba pa kanzake, ndipo m'timipiramo mumatuluka maluwa aubweya, ofiira ngati lalanje lakupsa. Ana oweta mbuzi amachidziwa bwino, pakuti amazula duwa nayamwa timadzi totsekemera tokhala kunsi kwake. Akulu ambiri amachipitirira ngati udzu wachabe, komatu mphunzitsi wa katekisimu angathe kupezamo phunziro lokwanira tsiku la Mulungu lathunthu.

Maina ake ndi mtundu wake

Akatswiri a zomera amachitcha Leonotis nepetifolia. Mau akuti Leonotis ngochokera ku Chigriki, ndipo tanthauzo lake ndi khutu la mkango, chifukwa mlomo wam'mwamba wa duwa uli ndi ubweya wonga wa khutu la chilombocho. Chomerachi chimamera chokha m'maiko otentha a mu Afrika ndi ku India, chimatha kutalika mamita 3, chili ndi masamba otambalala, ndipo chikabereka mbeu chimauma chaka chomwecho.

Mbale wake ndiye Leonotis leonurus, kapena kuti mchira wa mkango, amene kwao ndi ku South Africa. Ameneyu ndi chitsamba chokhala zaka zambiri, cha masamba aatali ndi opyapyala, ndipo anthu a maiko ambiri amachibzala pakhomo chifukwa cha kukongola kwake. Carl Linnaeus wa ku Sweden adalemba zomera ziwirizi m'buku lake m'chaka cha 1753, ndipo Robert Brown wa ku Scotland adaziika m'gulu la Leonotis m'chaka cha 1811.

Zonse ziwiri nza banja limodzi ndi mpungabwi, umene anthu amapirikitsira udzudzu, ndiponso ndi buye amene amadyedwa. Chizindikiro cha banjali nchosavuta: tsinde lili ndi mbali zinai, masamba amamera awiriawiri moyang'anana, ndipo munthu akawafikisa m'manja amatulutsa fungo lamphamvu.

Choso ndi maluwa ake

Duwa la khutu la mkango nlalitali ndi lopindika pang'ono, lofanana ndi mlomo wa choso, kambalame kokonda kuyamwa maluwa. Choso chikalowetsa mlomo kuti chimwe timadzi, ufa wa duwa umachimatirira pamutu, ndipo chimakausiya pa duwa lina. Motero mbalame imakhuta, chomeranso chimabereka. Nchifukwa chake Azulu amatcha mchira wa mkango dzina lotanthauza kuti mowa wa mbalame.

M'chaka cha 1975 akatswiri awiri a ku America, Frank Gill ndi Larry Wolf, adafalitsa zimene adaona pafupi ndi nyanja ya Naivasha ku Kenya. Kumeneko mtundu wina wa choso, wa mapiko agolide, umadzisankhira dera la maluwa a khutu la mkango ndi kupirikitsa anzake olowamo. Madera ena adali aang'ono, ena aakulu ndithu, koma atawerenga maluwa adapeza kuti m'dera lililonse mudali maluwa ngati 1,600, ndiwo okwanira kudyetsa mbalame imodzi pa tsiku. Adapezanso kuti kupirikitsa anzake kumadya mphamvu za mbalame katatu kuposa kufuna chakudya. Tsono choso chofuna dera loposa njala yake chikadangodzitopetsa ndi nkhondo, osapindula kanthu. Ndiponso pamene timadzi tachuluka ponseponse, mbalamezi zimaleka ndeu ndi kudyera pamodzi.

Mbalame ilibe nzeru zosankhira chabwino ndi choipa. Imangotsata chibadwa chimene Mlengi adaipatsa. Munthu yekha ndiye adalandira nzeru ndi ufulu, ndipo chifukwa cha ufuluwo angathe kupyola muyeso. Mbalame imadziwa pamene yakhuta, koma munthu amasuntha malire a munda wa mkazi wamasiye ngakhale nkhokwe yake ili yodzaza. Eklezia amaphunzitsa kuti kudziletsa ndi limodzi la makhalidwe anai aakulu, pamodzi ndi nzeru, chilungamo ndi kulimba mtima. M'buku la Eksodo, mutu 16, Aisraele adauzidwa kutola mana a tsiku limodzi lokha, ndipo amene adasunga oposa adawapeza atagwa mphutsi. Mu Mthenga wa Mateyo, mutu 6, Ambuye Yesu adatuma ophunzira ao kukapenya mbalame ndi maluwa akuthengo kuti aleke nkhawa ya chuma.

Mankhwala ndi muyeso wake

Kuyambira kale anthu a ku South Africa amaphika masamba a mchira wa mkango pochiza chifuwa, chimfine, mutu ndi nthenda za pakhungu. Eklezia saletsa mankhwala a zitsamba, pakuti zitsamba nzolengedwa ndi Mulungu. Chimene amakana ndi maula ndi matsenga amene ena amasakaniza nazo. Komabe mankhwala alionse ali ndi muyeso wake. Akatswiri a ku South Africa atamwetsa makoswe madzi a masambawa ochuluka kwambiri, adaona kuti amaononga magazi ndi ziwalo za m'kati, ndipo makoswe ena adafa. Nchifukwa chake mai woyembekezera ndi mwana wakhanda asamwetsedwe madzi otere popanda uphungu wa achipatala.

Chinanso chofunika kuchenjeza nchakuti ena amakhulupirira kuti chitsambachi chimachiza munthu wolumidwa ndi njoka. Ululu wa mamba kapena wa mphiri sumagonja ndi masamba. Wolumidwa anyamulidwe msanga kupita ku chipatala, kumene kuli mankhwala opha ululu, chifukwa nthawi yotayika pofuna zitsamba ndiyo imapha munthu. Lamulo lachisanu limalamula Mkristu kusamala moyo wake ndi wa mnzake.

Utsi wake

M'chinenero cha Afrikaans mchira wa mkango umatchedwa wildedagga, ndiye kuti chamba chakuthengo, chifukwa anthu ena amaumitsa masamba ndi maluwa ake nkumasuta. Chomerachi sichili pa ubale ndi chamba chenicheni, ndipo chilibe mankhwala aja oledzeretsa a m'chamba. Ngakhale zili choncho, amalonda ena a ku Ulaya adayamba kuchigulitsa kwa anyamata ngati cholowa m'malo mwa chamba, mpaka maiko a Poland ndi Latvia adachiletsa m'chaka cha 2009. Utsi ulionse umaononga mapapo, ndipo mnyamata wozolowera kufuna chizungulire m'masamba awa sachedwa kukafuna champhamvu choposa. Makolo asadikire kuti mwana ayambe. Amlangize akali wamng'ono, mofatsa ndi momveka.

Kwa aphunzitsi

Mphunzitsi athyole phesi limodzi la khutu la mkango, asamale minga yake, napite nalo ku phunziro. Ana akhudze mbali zinai za tsinde, anunkhize tsamba, awerenge timipira. Atatero awafunse mafunso awa:

1. Kodi choso chimalandira chiyani ku duwa, ndipo chimabwezera chiyani?
2. Chifukwa ninji choso sichilonda maluwa oposa njala yake?
3. Kodi kudziletsa nkutani pa chakudya, pa mowa ndi pa malire a munda?
4. Munthu akalumidwa ndi njoka, Mkristu achitenji poyamba?

Potsiriza onse apemphere pemphero la Atate Athu, ndipo mphunzitsi awakumbutse kuti m'pempheromo Akristu amapempha chakudya cha tsiku limodzi.