Kodi katundu amafika bwanji ku siteshoni ya mumlengalenga?

Pa International Space Station, mwachidule ISS, palibe msika kapena chitsime. Siteshoniyi ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo chakudya, zovala ndi zipangizo zofufuzira zonse zimachokera padziko pano. Katundu akachedwa, anthu okhala kumeneko amayamba kudalira zimene anasunga basi.

Bungwe la NASA la ku America linasiya kuulutsa zombo zake za Space Shuttle mu 2011, ndiye tsopano limalipira makampani kuti azinyamula katunduyu. Mu Meyi 2012, chombo cha Dragon cha kampani ya SpaceX chinakhala choyamba cha kampani yomwe si ya boma kufika pa ISS. Akatswiri a m'siteshonimo anachigwira ndi mkono wa loboti wotchedwa Canadarm2, wotalika mamita pafupifupi 17.

Nanga chombo chimaipeza bwanji siteshoni yomwe ikuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola? Apa mpamene pali phunziro. Mwina mukuganiza kuti chimangowonjezera moto n'kulunjika komweko, eti? Ayi. Chinthu chozungulira dziko chikakhala m'munsi, mphamvu yokoka ya dziko imakhala yaikulu, chimathamanga kwambiri, komanso njira yake imakhala yaifupi. Choncho roketi imasiya chombo m'njira ya m'munsi mwa siteshoni. Chili m'munsimo, chimafupikitsa mtunda pa ulendo uliwonse wozungulira dziko, kenako chimakwera pang'onopang'ono mpaka liwiro la ziwirizi litafanana.

Ntchitoyi si yamasewera. Mu Okutobala 2014, roketi ya Antares yonyamula chombo cha Cygnus inaphulika itangonyamuka ku Virginia. Mu Juni 2015, roketi ya Falcon 9 nayo inasweka ili m'mwamba, katundu yense n'kutayika. N'chifukwa chake NASA sidalira kampani imodzi yokha.

Pobwerera, zombo ziwirizi zimasiyana. Cygnus imadzazidwa zinyalala ndipo imapsa yonse ikamalowa mumpweya wozungulira dziko. Dragon ili ndi chishango choteteza ku kutentha, motero imatera m'nyanja ndi maparachuti, itanyamula zotsatira za kafukufuku zoti asayansi akaziunike.

Yesani funso ili m'kope mwanu: ISS imazungulira dziko kamodzi pa mphindi pafupifupi 90. Kodi anthu a mmenemo amaona dzuwa likutuluka kangati pa maola 24?