Ngongole za alendo m'mahotela ndi m'maloji a mu Lusaka

Nkhaniyi ikukhudza makamaka inu amene muli ndi maloji ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga. Lero tikambirane za ngongole.

Mlendo wa usiku umodzi savuta, amalipira asanalandire kiyi. Amene amagwetsa bizinesi ndi mabungwe ndi makampani obwera ndi msonkhano wa masiku atatu, kudya, kugona, kenako n'kunena kuti cheke chikubwera. Miyezi isanu n'kudutsa muli phee! Pamene mukudikira, a bungwe la misonkho la ZRA akufuna VAT yawo ya 16 peresenti pa invoisi imene munalemba kale, komanso 1.5 peresenti ya msonkho wa zokopa alendo. Antchito nawonso akudikira malipiro, ndipo magetsi a ZESCO sagulidwa ndi malonjezo.

Musatsegule holo popanda kalata ya oda (LPO) yosainidwa, ndipo theka la ndalama lilowe msonkhano usanayambe. Invoisi ituluke tsiku lomwelo. Pakatha masiku 30 imbani foni, akafika 60 lembani kalata, ndipo musawapatsenso chipinda ngakhale bwanayo ndi mlamu wanu. Chibale n'chimene chimamangitsa pakamwa ambiri a ife.

Mawa m'mawa tsegulani buku lanu la ngongole, muyambe kuimbira uja wakhalitsa kuposa onse.