Msonkho ndi Chakudya cha Ana: Phunziro Lochokera ku America

Eklezia Katolika amaphunzitsa kuti malipiro a munthu wantchito ayenera kukwanira iye mwini pamodzi ndi banja lake. Apapa Leo XIII analemba za malipiro olungama m'kalata yao ya Rerum Novarum m'chaka cha 1891, ndipo Apapa Pius XI anatsimikiza chiphunzitsocho m'kalata ya Quadragesimo Anno m'chaka cha 1931. Koma pali chovuta chimodzi chimene aliyense angachione pa tsiku lolandira malipiro. Wolemba ntchito amalipira ntchito imene yagwiridwa. Sawerenga pakamwa pamene padzadye ndalamazo. Mnyamata wosakwatira ndi bambo wa ana asanu, akagwira ntchito imodzi, amalandira chimodzimodzi, ndipo pofika kunyumba wina amakhuta, wina amagawa nsima yomweyo pasanu ndi pawiri.

Chifukwa cha ichi Apapa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, anati chilungamo chingafike m'banja mwa njira ziwiri: mwa malipiro okwanira banja lonse, kapena mwa chithandizo china, monga ndalama zopatsidwa kwa mabanja chifukwa cha ana ao. Njira yachiwiriyi maboma aiyesa mosiyanasiyana. Ya ku United States of America ili ndi phunziro lake, pakuti kumeneko inayesedwa, inapindula, ndipo inalekedwa, zonsezi m'nthawi yochepa.

Boma la dzikolo linasankha kuthandiza mabanja pa msonkho. Lamulo la 1997 linakhazikitsa chimene amachitcha Child Tax Credit, ndiko kuti kholo lichotseredwe ndalama zina pa msonkho wake chifukwa cha mwana aliyense. Poyamba zinali madola 400 pa mwana, zinakwera kufika 1,000, ndipo lamulo la 2017 linazifikitsa pa 2,000. Kumva kwake nkokoma. Koma kuchotsera msonkho kumathandiza munthu amene ali ndi msonkho woti achotseredwe. Wosauka kwenikweni, amene malipiro ake ndi ochepa kotero kuti boma silimuitanitsa msonkho wa pa malipiro, achotseredwa chiyani?

Opanga malamulo analidziwa vutoli, ndipo analola kuti banja lotere lilandire gawo lina m'manja. Gawolo linali ndi malire: madola 15 pa madola 100 alionse amene kholo lapata kupyola 2,500 pachaka, osapitirira 1,400 pa mwana mmodzi. Tsono mai wolera yekha ana awiri, amene wapata madola 8,500 chaka chonse pochapa ndi kusesa m'nyumba za ena, analandira madola 900 okha pa ana onse awiri. Banja la bambo ndi mai lopata madola 400,000 pachaka, la ana awiri omwewo, linachotseredwa 4,000. Amene sanapeze ntchito konse, kapena agogo olera adzukulu popanda malipiro, sanalandire kanthu. Motero pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse m'dzikomo sanali kulandira chithandizo chathunthu, ndipo chifukwa chake chinali chakuti makolo ake anasauka kwambiri.

M'mwezi wa March 2021, mliri wa Covid-19 uli pakati, Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo losintha zimenezi kwa chaka chimodzi. Ndalama zinakwera kufika madola 3,600 pa mwana wosakwana zaka 6, ndi 3,000 pa mwana wa zaka 6 mpaka 17. Chachikulu koposa, banja losauka linalandira zonse ngakhale linalibe msonkho kapena malipiro. Ndiponso theka la ndalamazo linaperekedwa mwezi ndi mwezi, kuyambira July mpaka December, madola 300 kapena 250 pa mwana. Ichi sichaching'ono ai. Mwana samva njala kamodzi pachaka, ndipo mwini nyumba amafuna lendi yake mwezi uli wonse.

Zotsatira zake zinawerengedwa ndi Census Bureau, ofesi ya boma yowerenga anthu. M'chaka cha 2020 ana 9.7 pa 100 alionse anali mu umphawi. M'chaka cha 2021 chiwerengerocho chinatsika kufika 5.2, chotsika koposa chiyambire kuwerenga kwa mtundu umenewu. Kunena zoona, chaka chimenecho boma linaperekanso ndalama zina zothandiza pa mliri, ndipo nazonso zinagwira ntchito yake. Komabe ofesiyo inapeza kuti chithandizo cha anachi pachokha chinatulutsa ana 2.9 miliyoni mu umphawi.

Pofika December 2021 nyumba ya malamulo inalephera kupitiriza lamulolo. Aphungu a chipani cha Republican sanalifune, ndipo Joe Manchin wa chigawo cha West Virginia, wa chipani cha Pulezidenti yemwe, anakana kuvomereza. M'chaka cha 2022 ana osauka anafika 12.4 pa 100, kuposa kawiri chiwerengero cha chaka chinzake.

Mau a otsutsa sayenera kunyozedwa. Iwo anati ndalama zake nzochuluka, ndiponso kuti kupatsa banja ndalama popanda kufunsa ngati kholo likugwira ntchito kudzafooketsa anthu pa ntchito. Mkhristu sangapeputse mantha amenewa, pakuti Eklezia amalemekeza ntchito, ndipo Apapa Pius XI anachenjezanso kuti boma lisalande udindo umene banja lingathe kuusenza lokha. Koma apa mpofunika kufunsa kuti ndalamazo nza yani. Ngati zili mphotho ya kholo, nkoyenera kuziyeza ndi thukuta la kholo. Ngati zili za mwana, monga dzina lake likunenera, nkovuta kumvetsa chifukwa chake khanda lilangidwe pakuti bambo wake anachotsedwa ntchito, kapena mai ake ali chigonere. Ndiponso mai wolera ana atatu pakhomo sali pa ulesi, ngakhale palibe amene amamulipira. Kalata ya Laborem Exercens inaitchula ntchito imeneyi poyera, niti iyenera kulemekezedwa. Pamiyezi imene ndalamazo zinali kuperekedwa, ofufuza ambiri sanapeze kuti makolo analeka ntchito mochuluka, ndipo mabanja osauka ambiri ananena kuti anagulira chakudya, zovala ndi zofunika za kusukulu, nalipira lendi. Otsutsa amayankha kuti miyezi 6 njochepa poyesa khalidwe la anthu, ndipo pamenepa mkangano sunathe.

Aepiskopi a ku United States, m'makalata ao opita ku nyumba ya malamulo, apempha kawirikawiri kuti chithandizo chimenechi chifike kwa ana osaukitsitsa. M'mwezi wa July 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lina lokweza ndalamazo kufika madola 2,200 pa mwana. Koma malire a madola 2,500 ndi madola 15 pa 100 aja anatsala monga analili, kotero kuti mai uja wa ana awiri, wopata madola 8,500, pa lamulo latsopanoli analandirabe madola 900.