Ulendo wa ku Chipata wokasaka zipangizo za njinga

Ngati mwatsimikiza zodzutsa njinga ya agogo, kaya ndi Raleigh kaya Humber, n'kuiveka magiya ndi mabuleki amakono, musanyamuke musanaiyeze. Lembani miyeso papepala, ndipo ekiselo ya mapedulo ndi makapu ake muziponye m'chikwama. Felemu isiyeni kunyumba, chifukwa kondakitala amailipiritsa ngati munthu.

Minibasi za ku Mchinji muzipeza kudepoti ya ku Area 2 ku Lilongwe. Lawirirani, ndipo musanyengeke ndi imene ikuoneka yodzaza, nthawi zina okhalamowo ndi anyamata oitanira. Msewu wake ndi M12, wodzera pa Namitete ndi Kamwendo, makilomita opitirira 100. Pa Mchinji boma mukwera kagalimoto kopita kuboda ya Mwami. Mtengo funsani mayi amene mwayandikana nawo, osati dalaivala. Kuyambira mu 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali pamalo amodzi, choncho zodinditsa pasipoti sizichedwetsa.

Chenjerani ndi osintha ndalama oyendayenda m'mbali mwa msewu. Amene anandipeza ine anali waulemu, "bwana" sachoka pakamwa. Anawerenga ndalama za ku Zambia ndikuona, n'kundipatsa kuti ndiwerengenso. Zinakwana. Kenaka anati wasokoneza reti, nazitenganso, nadinadina pafoni, n'kundibwezera mpukutu womwewo. Mnzake anali akundikoka malaya kuti galimoto ikunyamuka. Ndikumasula mpukutuwo ku Chipata ndinapeza ndalama zingapo zapakati zitazulidwa. Ndalama zikangolowa m'manja mwanu zisabwererenso kwa iye. Akati reti yalakwika, m'bwezereni zake, mutenge zanu. Ine masiku ano ndimangosintha yokwanira thiransipoti, yotsalayo kubanki m'tauni.

Ku Chipata yambirani ku Down Shops, kenaka msika wa Kapata. Tauniyi njinga imaidziwa, paja kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle. Koma wogulitsa akati "zonse ndi 28", musavomere. Limu ya njinga zakale zija ndi ya mamilimita 635, pomwe yamakono ya 700C ndi 622, ngakhale matayala a zonsezi amalembedwa 28. Werengani nambala pakhoma la tayala. Mukasintha malimu dziwani kuti mabuleki akale a ndodo zachitsulo sagwiranso, amafuna limu yawoyawo.

Raleigh yeniyeni ya ku Nottingham ndiye yovuta: mazinga ake a polowa makapu a ekiselo ya mapedulo ndi 26 pa inchi, pomwe zipangizo zamakono ndi 24. Kapu yatsopano imalowa pang'ono n'kukakamira, ndipo mukaikakamiza ndi sipanala mwapha felemu. Makapu akalewo asungeni, mungosintha ekiselo ndi zipolopolo. Kumbuyo nakonso n'kopanikiza. Habu ya njinga za m'mapiri ndi mamilimita 135, pomwe felemu yakale sipitirira 120. Felemu yachitsulo imatheka kuitanula, koma ntchitoyo njofuna mmisiri wodekha. Kwa ine habu ya Sturmey-Archer ya magiya atatu njabwino kuposa zonsezi. Mukaiona pamulu wa zakale, gulani osanenerera kwambiri.

Pemphani lisiti pachilichonse, ngakhale lolemba pamanja, kuti a MRA akawerengere msonkho pamtengo umene munalipiradi. Nyamukani ku Chipata isanakwane 3 koloko masana, chifukwa kukamada minibasi za ku Lilongwe zimachepa pa Mchinji, ndipo malimu awiri okha amakulipiritsani mpando wathunthu.