Dimba la Gulu

Kale makolo athu ankalima dima. Mwini munda ankaphika thobwa kapena kufulula mowa, anansi nabwera ndi makasu awo kudzamthandiza. Masiku ano anthu m'midzi yambiri amapempha malo kudambo kwa nyakwawa natsegula dimba la gulu.

Dimba ndi ntchito ya m'chilimwe, ndipo mdani wake wamkulu ndi dzuwa. M'mwezi wa Okutobala mbewu za repu, mpiru ndi matimati zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo omwe. Munthu wolima yekha akadwala malungo masiku atatu okha, kapena akapita kumaliro kutali, amadzapeza mbewu zitafota, mbuzi zitaboola mpanda. Pagulu sizitero, chifukwa anthu amathirira mosinthana. Amasonkhanso ndalama zogulira mbewu, ndipo mlangizi wa zaulimi amawaphunzitsa onse pamodzi kapangidwe ka manyowa.

Masamba obiriwira ali ndi vitamini A amene amateteza maso. Ndiwo zotsala amakagulitsa kumsika. Komatu mikangano imabuka pogawana ndalama, choncho mlembi ayenera kulemba maina a onse obwera kuntchito tsiku lililonse.

Mafunso
1. Kodi dima nchiyani?
2. Nchifukwa chiyani gulu limafunika mlembi?